Za zakudya aliyense alankhule, koma wodwala tisamuseweretse

Mwezi watha foni yanga inalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Nonse mukudziwa mmene mtima umagundira foni ikalira nthawi ngati imeneyo. Anali msuweni wanga, mawu ali njenjenje: "Amayi agwa, thukuta lili kamukamu, sakuyankha bwino." Azakhali angawa ali ndi matenda a shuga ndipo amadzibaya insulini kawiri pa tsiku. Kuchipatala atawayeza anapeza kuti shuga watsika kwambiri m'thupi. Anawathandiza msanga, pano ali bwino ndipo ayambiranso kutilalatira ngati kale.

Chinawagwetsa chinadziwika dzuwa litatuluka. Anali atatha masiku atatu osalawa nsima, mpunga, mbatata kapena buledi, koma insulini akubaya mlingo womwe uja wa masiku onse. Anawalangiza zosiya zakudyazi ndi mnyamata wina wa pa gulu la WhatsApp amene amadzitcha "coach" wa zaumoyo, yemwenso amagulitsa tiyi woti amatsuka m'thupi. Mnyamatayo sanafunse kuti azakhali akumwa mankhwala anji kapena akubaya chiyani. Anangolemba kuti nsima ndi poizoni, asiye lero lomwe.

Tsiku limenelo ndinapsa mtima moti mukanandipatsa cholembera cha ku Nyumba ya Malamulo, ndikanalemba lamulo la mzere umodzi: aliyense wolangiza za zakudya wopanda layisensi amangidwe, basi. Mtima utakhala pansi ndinakumbukira kuti kuli dziko limene linayesapo kale zimenezi, ndipo lakhala likukangana nazo m'makhoti kwa zaka zoposa khumi. Dzikolo ndi America, komwenso kumachokera mavidiyo ambiri a kadyedwe amene amatitheretsa bandulo pa TikTok. Zimene zinachitika kumeneko zinandisintha maganizo, ndiye ndati ndikufotokozereni.

Cholembera chofiira cha ku North Carolina

Ku America kuli ntchito ya ukatswiri wa kadyedwe, mwini wake amatchedwa dietitian. Ameneyu si wongodziwa kuphika ayi. Amaphunzira mmene thupi limagayira chakudya, mmene matenda amasinthira zofuna za thupi, ndi mmene chakudya chimakumanirana ndi mankhwala. Amagwira ntchito maola mazanamazana moyang'aniridwa kenako n'kulemba mayeso, ndipo kuyambira chaka cha 2024 wofuna kulemba mayesowo amayenera kukhala ndi digiri yachiwiri. Dzikolo lili ndi zigawo 50 ndipo chilichonse chimapanga chokha malamulo a malayisensi. Zigawo zina zimangoteteza dzina, kuti usadzitche dietitian pamene suli. Zina zinapitirira pamenepo, n'kunena kuti kulangiza munthu payekha zoti adye ndi ntchito ya mwini layisensi yekha.

North Carolina chinali chimodzi mwa zigawo zokhwimitsa chonchi. Kumeneko kuli bambo wina dzina lake Steve Cooksey. Mu 2009 anagonekedwa m'chipatala ndipo anamupeza ndi matenda a shuga. Atatuluka anasintha kadyedwe, n'kuchepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa, anaonda ndipo anayamba kupeza bwino. Anatsegula tsamba pa intaneti lotchedwa Diabetes Warrior pomwe ankasimba za ulendo wake, kuyankha mafunso a owerenga, ndipo ena ankawalimbikitsa paokha pa malipiro.

Kumayambiriro kwa 2012 wina anakamuneneza ku bungwe loona za malayisensi a kadyedwe m'chigawocho. Bungwelo linasindikiza zolemba zake n'kuzidutsa ndi cholembera chofiira ngati mphunzitsi akuchonga mayeso, masamba 19 athunthu, kusonyeza ziganizo zimene munthu wopanda layisensi saloledwa kunena. Kusimba zimene iyeyo amadya kunali kololedwa. Kuyankha munthu amene wafunsa kuti "nanga ine ndidye chiyani?" kunali kulakwira lamulo, ngakhale kuyankhako kukhale kwaulere.

Cooksey anakasuma mothandizidwa ndi maloya a bungwe la Institute for Justice, ponena kuti boma likumuphwanyira ufulu wolankhula. Khoti loyamba linautaya mlanduwo, koma mu 2013 khoti la apilo linati munthu amene boma lamuopseza mpaka kufufuta zolemba zake ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Mu 2015 bungwe lija linabwerera m'mbuyo n'kutulutsa ndondomeko yatsopano yolola anthu wamba kupereka malangizo wamba a kadyedwe popanda layisensi. Mu 2018 aphungu a chigawocho anakonzanso lamulo lenilenilo, kuti layisensi izifunika makamaka pamene munthu akugwiritsa ntchito chakudya pochiza kapena kusamalira matenda a munthu wina.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna mudumphe. Kadyedwe kamene Cooksey ankalimbikitsa n'kofanana ndi kamene kanagwetsa azakhali anga. Kwa munthu wina wa shuga, kuchepetsa zokhutitsa kumathandizadi, bola dokotala akudziwa ndipo akusintha mlingo wa mankhwala. Kwa munthu wobaya insulini amene palibe akumuyang'anira, malangizo omwewo akhoza kumupha usiku umodzi. Mawu ake ndi amodzimodzi, chasiyana ndi thupi limene lawalandira.

Kasitomala wabodza wa ku Florida

Nkhani yachiwiri ndi ya mayi wina, Heather Kokesch Del Castillo. Ankagwira ntchito yolangiza anthu za kadyedwe ku California, komwe lamulo silimaletsa zimenezi bola usanamizire kuti ndiwe dietitian. Mu 2015 amuna ake, omwe anali msilikali, anasamutsidwira ku Florida ndipo iye anapitiriza ntchito yake kumeneko. Dietitian wina wa layisensi anakamuneneza. Wofufuza wa boma anadzipanga kasitomala n'kumulembera kufunsa thandizo, ndipo mu 2017 mayiyu analamulidwa kusiya ntchitoyo ndi kulipira madola 754. Panalibe kasitomala amene anadandaula kuti wavulazidwa. Kuti apeze layisensi ya ku Florida anayenera kubwerera kusukulu kukatenga digiri ya kadyedwe, kugwira maola 900 moyang'aniridwa, kenako mayeso.

Iyenso anasuma, koma zake sizinayende ngati za Cooksey. Khoti la apilo mu 2022 linati lamulo la Florida limayang'anira ntchito, ndipo kulankhula kwangokhudzidwa chifukwa ntchitoyo imagwiridwa ndi pakamwa. Khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva apilo yake. Koma mlandu uli mkati, aphungu a ku Florida anali atasintha kale lamulo. Mu 2020 anaikamo ndime yopatula: munthu akhoza kulangiza za kadyedwe, ngakhale pa malipiro, malinga asadzitche dietitian, komanso asalangize munthu amene ali m'manja mwa dokotala chifukwa cha matenda ofuna kadyedwe kapadera. Kunenepa ndi kufuna kuonda anakuchotsa pa mndandanda wa matenda oterowo.

Ndime ngati imeneyi ndi imene ndikutcha kupatula. Lamulo limati ntchito iyi ndi ya anthu a layisensi, kenako limatchula amene silikuwakhudza. M'malamulo ambiri a zigawo za ku America mumapeza mndandanda wofanana: madokotala ndi anamwino polangiza odwala awo, ophunzira amene akuyang'aniridwa, ogwira ntchito za boma zophunzitsa kadyedwe kwa amayi ndi ana, alangizi a zaulimi ndi zapakhomo, ogulitsa zakudya pofotokoza za katundu wawo, ndi ophunzitsa anthu pagulu mfundo wamba za kadyedwe. Mndandandawu umaoneka ngati zing'onozing'ono za kumapeto kwa lamulo, koma ndi pamene pagona nkhani yonse. Ukafupika kwambiri, lamulo limamanga ndi anthu osalakwa omwe. Ukatalika kwambiri, layisensi imasanduka pepala lokongoletsera khoma.

Pamene ine ndaima

Maganizo anga ndi awa: kupatula n'kofunika, ndipo malire ake akhale pa wodwala. Aliyense akhale womasuka kuuza mnzake kuti achepetse mchere, adye masamba, asiye zakumwa zotsekemera, ayende pansi m'malo mokwera kabaza ulendo wa mphindi zisanu. Koma munthu akangoti "ndili ndi shuga", "impso zanga zikuvuta", "ndili pa ma ARV", "mwana wanga watupa mapazi", wopanda maphunziro achotsepo manja n'kumulozera kuchipatala. Dzina la ukatswiri nalo litetezedwe, kuti amene sanaphunzire asalivale.

Chifukwa choyamba n'chakuti nkhani ya chakudya ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku ya munthu aliyense. Opaleshoni sitichita pakhomo, koma kudya timadya tonse ndipo timakambirana tonse. Agogo akauza mdzukulu woyembekezera kuti asamangodya nsima ya ndiwo imodzi, alangiza za kadyedwe. Mphunzitsi wa mpira akauza anyamata ake kuti asadye zamafuta masewero asanayambe, walangiza za kadyedwe. Lamulo loti zonsezi zifune layisensi silingatsatidwe, ndipo lamulo losatsatirika limangogwira amene wina wamuda n'kukamuneneza. Onani kuti ku Florida wodandaula anali mnzake wa ntchito yofanana, osati kasitomala. Pamenepo munthu umayamba kufunsa kuti lamuloli likuteteza thanzi la anthu kapena msika wa eni malayisensi.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti ngozi yeniyeni ili pomwe chakudya chakumana ndi matenda ndi mankhwala. Nthochi ndi mapeyala ndi zipatso zabwino kwa ambirife, koma kwa munthu amene impso zake zafooka kwambiri, mchere wa potaziyamu umene uli m'zipatsozi ukhoza kuunjikana m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mapiritsi owonjezera ayironi kapena kashiamu amagulitsidwa ngati zabwino kwa aliyense, koma akamwedwa nthawi imodzi ndi dolutegravir, amene ali m'ma ARV a anthu ambiri masiku ano, popanda chakudya, amachepetsa mankhwala olowa m'magazi. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi limafunika bere lokha, ndipo wolilangiza timadzi ta zitsamba akuliika pa chiswe. Zinthu ngati izi suziphunzira poonera mavidiyo. Ndi chifukwa chake dietitian amakhala zaka kusukulu, ndipo ndi pamenepa pomwe layisensi ili ndi ntchito.

Ndikudziwa zimene ena anene. Anena kuti malirewa ndi osavuta kulemba papepala koma ovuta kuwaona pamsewu, chifukwa anthu ambiri a shuga kapena othamanga magazi sadziwa n'komwe kuti akudwala. N'zoona. Munthu akhoza kubwera kwa "coach" ngati wongofuna kuchepetsa mimba pamene shuga wake ali pamwamba. Ndime ya ku Florida ija ili ndi bowo lomweli: imateteza amene ali kale m'manja mwa dokotala, n'kusiya panja amene sanapiteko. Ine ndikanawonjezera udindo umodzi kwa aliyense wolandira ndalama polangiza za kadyedwe: afunse kaye ngati munthuyo ali ndi matenda kapena akumwa mankhwala, ndipo akapanda kufunsa ngozi n'kuchitika, ayankhepo. Mnyamata amene analangiza azakhali anga sanalakwe chifukwa chosowa digiri. Analakwa chifukwa anauza munthu wa shuga kusintha kadyedwe kake konse osafunsa funso limodzi lokha, kwinaku akumugulitsa tiyi.

Ena anena kuti pa intaneti palibe malire oterowo, chifukwa munthu amalankhula kwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi ndipo wodwala ali momwemo. Funso limeneli linafika kale pa bwalo ku South Africa. Mu 2014 Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town anayankha pa Twitter mayi woyamwitsa, kumulangiza kuti mwana akayamba kudya azimupatsa zakudya zamafuta ambiri ndi zokhutitsa zochepa. Mtsogoleri wa bungwe la ma dietitian anakamuneneza ku HPCSA, khonsolo yoyang'anira ogwira ntchito zachipatala m'dzikolo. Mlandu unatenga zaka, ndipo mu 2017 anapezeka wosalakwa, apilo ya 2018 n'kutsimikiza zomwezo. Mfundo ina yaikulu inali yakuti kuyankhana pa Twitter sikunapange mayiyo kukhala wodwala wake. Kaya mumagwirizana ndi kadyedwe ka Noakes kaya ayi, phunziro kwa ife ogwira foni ndi lowawa: amene wakuyankha pa intaneti, ngakhale akhale pulofesa, sanakuyeze ndipo kawirikawiri sadzayankha mlandu pa thupi lako.

Layisensi si ubatizo

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti wa layisensi ndi mngelo. Mu 2023 nyuzipepala ya Washington Post, pamodzi ndi atolankhani a The Examination, inaulula kuti ma dietitian ena a ziphaso zawo zenizeni ankalipidwa ndi mabungwe a makampani a zakumwa ndi shuga kuti aziika mavidiyo pa TikTok ndi Instagram otonthoza anthu pa nkhani ya zotsekemera, ena osanena momveka kuti alipidwa ndi ndani. Chaka chomwecho bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linawalembera makalata owachenjeza. Anthu amenewa anali ndi digiri, anali ndi layisensi, ndipo ndalama inawalankhulitsabe.

Komanso akathyali aakulu sagwidwa ndi lamulo la layisensi. Ku Australia mtsikana wina, Belle Gibson, anatchuka pa Instagram ponena kuti anagonjetsa khansa ya mu ubongo ndi zakudya komanso njira zina zosakhala za kuchipatala. Anali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa The Whole Pantry komanso buku, ndipo odwala enieni ankamutsatira. Mu 2015 atolankhani atamufufuza anavomera kuti sanadwalepo khansa. Mu 2017 khoti linamulamula kulipira madola a ku Australia 410,000, pogwiritsa ntchito lamulo loteteza ogula ku chinyengo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amene anang'amba mkuyuwo anali atolankhani ndi lamulo la malonda.

Ndipo tisaiwale kuti malangizo oipa kwambiri a kadyedwe m'chigawo chathu chino cha Africa anachokera pamwamba penipeni. Manto Tshabalala-Msimang, nduna ya zaumoyo ya ku South Africa kuyambira 1999 mpaka 2008, anali dokotala wophunzira bwino, koma ankatamanda adyo, mandimu ndi bitiruti pamene anthu ankafunika ma ARV. Ofufuza a ku Harvard anawerengera kuti kuchedwa kwa mankhwala m'zaka zimenezo kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000. Pepala la sukulu linalipo, chosowa chinali kumvera umboni.

Choncho layisensi ndi mpanda umodzi chabe. Pafunikanso lamulo loluma onama pa malonda, lamulo lokakamiza wolipidwa kunena kuti walipidwa, ndi owerenga osameza chilichonse.

Nanga kwathu kuno?

Mwina mukuti za ku Florida zikutikhudza bwanji ife a ku Ndirande ndi ku Mchesi. Zikutikhudza pawiri. Poyamba, mavidiyo a anthu amene malamulo aja anawamasula ndi omwe amafika pa foni zathu, ndipo anzathu ena amangowakopera n'kuwamasulira m'Chichewa. Wolankhulayo akunena za munthu wa ku America amene ali ndi dokotala wake ndi kamakina koyezera shuga m'thumba. Womvera ndi azakhali anga amene amayezetsa pa tsiku la kiliniki lokha.

Chachiwiri, ntchito ya ma dietitian ikukula kuno kwathu. Ku Bunda, pa sukulu ya LUANAR, akhala akuphunzitsa za kadyedwe kwa zaka zambiri, ndipo m'zaka zaposachedwa anayambanso kusula ma dietitian ogwira ntchito m'zipatala. Ntchito iliyonse ikamakula imafuna mpanda wake, ndipo tsiku lidzafika loti tikambirane kuti mpandawo udutse pati. Tsikulo likadzafika tisadzakopere lamulo lakale la North Carolina.

Tangoganizani amene amaphunzitsa kadyedwe m'Malawi muno lero. Ndi alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana, akufotokoza magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndi amayi odzipereka a m'makeyagulupu amene amayenda khomo ndi khomo kuonetsa anzawo kaphikidwe ka phala lothira nsinjiro, masamba ndi usipa wosinja. Ndi alangizi a zaulimi, aphunzitsi, anamwino ndi anankungwi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nkhondo imeneyo sitingaimenye ndi ma dietitian okha, amene pa zipatala zing'onozing'ono za kumudzi simungawapeze. Lamulo lotseka pakamwa mayi wa keyagulupu likhoza kupha ana ambiri kuposa amene lingapulumutse.

Chosangalatsa n'chakuti malire amene ndikunenawa amayi amenewa amawadziwa kale. Amaphunzitsa za phala, koma akaona mwana watupa mapazi kapena tepi yoyezera mkono yafika pofiira, salemba okha mlingo wa chiponde. Amamutumiza kuchipatala, chifukwa chiponde cha ana onyentchera ndi mankhwala, chimaperekedwa molingana ndi sikelo ya mwana. Mayi wa kumudzi amene mwina sanafike Fomu 4 amadziwa pomwe nzeru zake zathera. "Coach" wa foni yodula ndi Chingerezi chosalala ndi amene sakudziwa.

Ndiye kwa opanga malamulo ndikuti: tetezani dzina la dietitian kuti wodwala adziwe amene akulankhula naye. Sungirani akatswiri ntchito yokonzera wodwala kadyedwe ka matenda ake. Patulani momveka bwino onse ophunzitsa kadyedwe wamba, a boma, a mabungwe ndi a pamudzi. Ndipo mphamvu zambiri ziponyedwe kwa amene akugulitsa tiyi, ufa ndi timapiritsi ponena kuti zimachiza shuga, khansa kapena HIV. Tili ndi Medical Council of Malawi yoyang'anira ogwira ntchito zachipatala, PMRA yoyang'anira mankhwala, ndi CFTC yoteteza ogula. Zida zilipo, chofunika n'chakuti zifike kumene malondawa asamukira, pa Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp.

Foni ili m'manja mwathu

Achinyamata anzanga, pa nkhani iyi ife tili pakati. M'mabanja ambiri ndife amene tili ndi foni yolowa pa intaneti. Kanema amene amayi kapena agogo aonere, nthawi zambiri wadutsa m'chala chathu. Msuweni wanga uja anaulula pambuyo pake kuti ndi iye anawalowetsa amayi ake pa gulu lija, poganiza kuti akuwathandiza. Analira ngati mwana pa benchi ya chipatala, ndipo ine sindinamudzudzule chifukwa nanenso ndinatumizapo zinthu zoti sindinaziwerenge mpaka kumapeto.

Musanatumize, funsani zinthu zitatu. Kodi wolankhulayu akugulitsa chiyani? Ngati malangizo ake akuthera pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, dziwani kuti mukuonera malonda. Kodi wafunsa za matenda ndi mankhwala a munthu amene akumulangiza? Katswiri weniweni amayamba ndi mafunso, ndipo nthawi zina amatopetsa nawo. Kodi akuuza munthu kusiya kapena kuchepetsa mankhwala a kuchipatala? Akatero, tulukani pa gulupo ndipo muuzeko ena chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Ngati inuyo ndi amene mumakonda zolimbitsa thupi ndipo anzanu amakufunsani za kadyedwe, pitirizani. Dziko lino likufunika anthu ouza anzawo kuti chipisi ndi zakumwa zotsekemera tsiku lililonse si chitukuko. Ngati mukufuna kupanga ndalama pa zimenezi, palibe choipa. Koma musadzipatse dzina limene simunaliphunzirire, ndipo wina akakutchulirani matenda ake, phunzirani kunena kuti "izi zandipitirira, pitani mukaonane ndi a kuchipatala." Mawu amenewo sakuchotserani ulemu. Kasitomala amene mwamutumiza kuchipatala adzabweranso kwa inu ali moyo.

Azakhali anga abwerera ku nsima yawo, ya mgaiwa, mitanda yochepa ndi masamba ambiri, monga anawakonzera a ku kiliniki ya shuga atayang'ana mlingo wa insulini ndi zotsatira za magazi. Tiyi uja anamuthira kudzala. Mnyamata wa "coach" akadali pa gulu lake, ndipo dzulo lomweli waika uthenga wina woti akuchiza kuthamanga kwa magazi m'masiku 14. Sindikufuna amangidwe chifukwa cholankhula za chakudya. Ndikufuna afunsidwe chifukwa cholonjeza machiritso kwa odwala n'kulandira ndalama zawo, ndipo pakadali pano ndikupempha inu amene muli pa magulu ngati limenelo kuti muyang'ane ngati amayi anu alimo.